Mwana ndi cholembera: mafunso ndi mayankho pa nkhani yophunzitsa ana a pulayimale kulemba

Ndaphunzitsa makalasi a ana aang'ono kwa zaka zambiri, ndipo mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimakumana nawo kawirikawiri. Ena amafunsa ndi makolo pa tsiku lotsekera sukulu, ena pamjigo kapena potuluka m'tchalitchi, ena ndi aphunzitsi achinyamata amene angotuluka kumene kukoleji. Ndayankha monga momwe ndimayankhira pamaso, moti pena ndatalikitsa, pena ndadula.

Aphunzitsi, kodi mwana ayenera kuyamba liti kuphunzira kulemba?

Boma limati mwana alowe Sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndipo apa m'pamene amayamba kulemba malembo enieni. Koma dzanja limakhala litayamba kale sukulu yake. Mwana amene amaumba ng'ombe zadothi, kutongola chimanga, kusewera phada, kusankha nyemba palichero kapena kupinda mawaya a galimoto yake, zala zake zikukhwima, ndipo zala zomwezo n'zimene zidzagwire pensulo. Akamakhwatchakhwatcha pansi ndi kamtengo, musamuone ngati akutaya nthawi. Mufunseni kuti, "Wajambula chiyani apa?" Akakuuzani kuti ndi agogo akupita kudimba, ndiye kuti wazindikira kale chinthu chachikulu: mzere wolembedwa umatha kusunga nkhani.

Chimene ndimaletsa ndi kukhazika mwana wa zaka 3 pansi ndi kope, kumugwira dzanja n'kumamukakamiza kulemba mpaka misozi. Sukulu zina za mkombaphala zimachita zimenezi pofuna kusangalatsa makolo. Mmera m'poyamba inde, koma mbewu ikangomera saikoka kuti italike msanga.

Kope la mwana wanga ndi lodzaza, malembo ake okongola. Ndiye kuti akudziwa kulemba eti?

Mwina. Koma muyeseni kaye. Tsekani kopelo, mumupatse pepala lopanda kanthu, mumuuze kuti alembe ndiwo zimene anadyera nsima dzulo ndi amene anaphika. Akalemba, ngakhale mokhotakhota, akudziwa kulemba. Akangokuyang'anani, ndiye kuti chimene wakhala akuchita ndi kukopera.

Chaka china ndinalandira mtsikana mu Sitandade 4 amene malembo ake anali oongoka ngati osindikiza. Anzake ojomba ankabwereka kope lake. Tsiku lina ndinafufuta bolodi lonse n'kuuza kalasi kuti aliyense alembe ziganizo ziwiri zokhudza mayi ake. Iye anakhala mphindi 20 pensulo ili m'manja, pepala lili mbee. Sanali waulesi, sanalinso wopanda nzeru. Kwa zaka zitatu anali akujambula malembo monga momwe munthu amajambulira duwa, osadziwa kuti lembo lililonse lili ndi liwu lake. Zinandipweteka mtima, chifukwa tonse, aphunzitsi ndi makolo omwe, tinkamuyamikira pa chinthu chimene chinkabisa vuto lake.

Kulemba kuli ndi mafuwa atatu. Loyamba ndi dzanja: kugwira cholembera ndi kuumba malembo, zimene kusukulu timati kulemba mwaluso. Lachiwiri ndi khutu: kumva maliwu a m'mawu n'kudziwa lembo limene likuyimira liwu lililonse. Lachitatu ndi mutu: kukhala ndi chonena n'kuchisanja kuti wina amve. Kukopera pabolodi kumangolimbitsa fuwa limodzi, ndipo mphika sukhala pa fuwa limodzi.

Sindikunyoza aphunzitsi anzanga. Kukopera kunazika mizu pa zifukwa zomveka. Mu 1994 boma litachotsa fizi ku pulayimale, ana anachuluka mwadzidzidzi kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Zinali zabwino kuti mwana wa mmphawi alowe m'kalasi, koma mabuku, zipinda ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo. Mphunzitsi wopanda mabuku, ana ali thithithi pansi pa mtengo, njira yokhayo yowakhalitsa chete ndi kudzaza bolodi n'kunena kuti, "Lembani." Ambiri a ife tinaphunzira choncho, n'chifukwa chake timaphunzitsanso choncho. Koma mwana amene sanalembepo chiganizo chochokera m'mutu mwake sanayambebe kulemba.

Choyamba n'chiti, kuwerenga kapena kulemba?

Ziyendere limodzi. Lembo limene mwana waphunzira kutchula lero alilembenso lero lomwelo: m'malere ndi chala, pamchenga, pamsana pa mnzake, kenako m'kope. Ndondomeko ya boma yophunzitsa kuwerenga imene inayamba mu 2016 m'makalasi a Sitandade 1 mpaka 4 imatsata njira yakuti mphunzitsi achite yekha ana akuona, kenako achitire limodzi, pomaliza ana achite okha. Njirayi ndi yabwino, bola gawo lomalizalo lisamadyedwe ndi nthawi, chifukwa ndi limene limathawidwa belu likayandikira.

Pa nkhaniyi Chichewa chili ndi mwayi waukulu. Malembo a liwu alipo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo sasinthasintha katchulidwe. Mwana akadziwa ma, me, mi, mo, mu ndi na, ne, ni, no, nu, angathe kulemba yekha mawu ngati ana, mano, nena, mame ndi amuna. Dulani makatoni a sopo, mulembepo maphatikizo, ana azilumikiza okha n'kulemba mawu amene apanga. Chimwemwe cha mwana amene wapanga yekha mawu oti "mano" n'kuloza mano ake, simungachiyerekeze ndi cha mwana amene wakopera mawu 30.

Ndi malembo ati amene amavuta ana kwambiri, nanga ndiwathandize bwanji?

Oyamba ndi aja otuluka ndi kampweya. Mwana amalemba pala pamene akufuna phala, kola pamene akufuna khola. Musamulongosolere zambiri. Muuzeni aike chikhato pafupi ndi pakamwa anene "pala", kenako "phala". Akamva kampweya pachikhatho, mumuuze kuti kampweyako ndiye h. Sadzaiwalanso.

Achiwiri ndi ng' ndi ng. Ng'ombe, ng'oma ndi ng'ona zili ndi nkhodolero, pamene ngolo, ngumbi ndi ngongole zilibe. Ana amasiya kachizindikiroka chifukwa amakaona ngati kokongoletsera chabe. Lembani ng'oma ndi ngoma pabolodi, muwafunse kuti chimene amavinira n'chiti, nanga nyama yakutchire ndi iti.

Kenako pamabwera maphatikizo a malembo ambiri: nkhwani, nkhwangwa, mphwayi, ntchito, ntchentche. Mwana wa Sitandade 2 akalemba "khwani" kapena "tchito", khutu lake lamva zambiri, langophonya n wa kumayambiriro. Tchulani mawuwo mokoka, amve kamphuno kaja, alembenso.

Za l ndi r zimasokoneza ngakhale akuluakulu, chifukwa polankhula ambiri sitisiyanitsa. Lamulo losavuta ndi lakuti r amabwera pambuyo pa e kapena i, monga lero, mbiri, kulira, pamene l amabwera poyambirira pa mawu ndi pambuyo pa a, o, u, monga mbale, khola, sukulu. Pali mawu ena amene satsata lamuloli chifukwa l ndiye woyamba pa tsinde la mawuwo, monga chilango ndi milandu. Amenewa muwasungire Sitandade 4 kapena 5. Malamulo a kalembedwe ka Chichewa anakonzedwa ndi bungwe la Chichewa Board limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo kuyambira mu 1996 ntchito yosamalira ziyankhulo zathu ili m'manja mwa Centre for Language Studies ku Zomba. Mphunzitsi aliyense wa Chichewa amayenera kuwadziwa malamulowa, osangodalira mmene iyeyo anazolowerera.

Nanga b ndi d otembenuka? Kwa mwana wa zaka 6 kapena 7 zimenezi n'zachibadwa. Kapu ukayitembenuza imakhalabe kapu, ndiye mwana amadabwa kuti lembo likatembenuka limasanduka lina. Zimatha akamalemba kawirikawiri.

Ndili ndi ana 120 m'kalasi. Ndingachonge bwanji zolemba za onsewa?

Simungathe, ndipo musadziimbe mlandu. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma m'makalasi oyambirira ambiri chiwerengero chimapitirira apo kutalitali. Choopsa n'chakuti mphunzitsi akaona kuti sangachonge, amaleka kupereka ntchito yolemba. Apo ndiye timaluza.

Gawani kalasi m'magulu asanu. Onse azilemba tsiku lililonse, koma inu muziwerenga mofatsa makope a gulu limodzi patsiku. Pofika Lachisanu mwaona dzanja la mwana aliyense. Otsalawo aziwerengerana awiriawiri: uyu awerenge mokweza zimene mnzake walemba. Mwana akamva mnzake akukakamira pa mawu ena, amadziwa yekha kuti pamenepo pali cholakwika, inu musananene.

Lembetso lizikhala lalifupi, mawu asanu kapena ziganizo ziwiri, ndipo mayankho alembedwe pabolodi nthawi yomweyo kuti aliyense akonze. Panja napo ndi kalasi. Ana akhale m'mizere, aliyense asalaze kamalo kake pansi, alembe ndi kamtengo, inu muziyenda pakati pawo. Pa mphindi 10 mwaona amene akutha ndi amene akuvutika, popanda kope ngakhale limodzi. Mukakumana ndi anzanu a m'zoni ku TDC, malo amene aphunzitsi amasulirako luso lawo, kapena akabwera a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a m'zoni, funsanani njira zoterezi. Mutu umodzi susenza denga.

Kodi ndizikonza cholakwika chilichonse?

Ayi. Mwana amene walimba mtima kulemba ziganizo zinayi, kope n'kubwerako lili psuu ndi bolopeni yofiira, mawa adzalemba chiganizo chimodzi, cha mawu okhawo amene akutsimikiza kuti sangalakwitse. Sankhani chinthu chimodzi pa sabata. Sabata ino tikuyang'ana lembo lalikulu poyamba ndi mpumiro pothera. Sabata yamawa mfunsiro. Mpatuliro ndi mitengero zidzabwera m'tsogolo. Ndipo musanachonge, yankhani zimene mwana wanena. Akalemba kuti mbuzi yawo yaswa ana awiri, mufunseni kuti ndi amtundu wanji. Azindikire kuti walembera munthu, sanalembere cholembera chofiira.

Za mkwapulo ndisachite kutalikitsa. Malamulo a sukulu saloleza, komanso dzanja limene langomenyedwa kumene silingaumbe lembo labwino. Kupereka kulemba ngati chilango, monga kulembetsa chiganizo chimodzi ka 100, nakonso kumaphunzitsa mwana kuti cholembera ndi mdani.

Mwana wanga ndi wamanzere. Ndimusinthe?

Musamusinthe. Si matenda, si mwano. Mukhazikeni kumanzere kwa mnzake kuti zigongono zisamagundane, apendeketse kope pang'ono kumanja, ndipo agwire pensulo chapatali pang'ono ndi nsonga kuti aziona zimene akulemba. Basi.

Ana anga a Sitandade 6 ndikawapatsa chimangirizo amangolemba mizere itatu. Ndiyambire pati?

Yambirani pakamwa. Mwana yemweyo amene walemba mizere itatu, mumvereni pa nthawi yopuma akufotokozera anzake mmene galu anathamangitsira njinga ya kabaza. Nkhani ili ndi chiyambi, thunthu ndi mathero, mawu a anthu alimo, nthabwala zilimo. Luso alinalo kale. Ntchito yathu ndi kulitsitsira papepala.

Vuto loyamba limakhala mutu umene tapereka. Mwana wa kumudzi amene sanafikepo ku Lilongwe mukamuuza kuti alembe za ulendo wa pandege, adzalemba chiyani? Mupatseni za usiku wogwira ngumbi mvula yoyamba itagwa, za tsiku la msika, za kuchigayo, za kukolola mtedza, za mmene amayanikira usipa ngati ali wa kunyanja, za tsiku limene mtsinje unadzaza iye ali tsidya lina. Akambirane kaye awiriawiri. Kenako lembani ndime imodzi pamodzi pabolodi, ana akupereka ziganizo, inu mukulemba n'kumafunsa mokweza kuti, "Apa tayamba bwino? Tikanati bwanji kuti amene kunalibe aone?" Mukatha fufutani, aliyense alembe yake.

Funso loti "amene kunalibe aone" ndi limene limasintha zinthu. Mwana amalemba kuti, "Kumsika kunali anthu ambiri." Mufunseni kuti anaona ndani, anamva fungo lanji, wogulitsa kaunjika ankakuwa kuti chiyani. Amabwerera n'kulemba kuti, "Amayi ena anagwetsa dengu la tomato, anyamata a kabaza n'kuyamba kuwatolera." Chiganizo chimenecho palibe buku limene akanachikoperamo, ndipo ndi chimene ndimachifuna.

Musadumphe makwerero. Sitandade 1 ndi 2 ndi ya mawu ndi ziganizo zifupizifupi. Sitandade 3 ndi 4 mwana azitha kulumikiza ziganizo kukhala ndime. Kuyambira Sitandade 5 abwere chimangirizo chathunthu, kalata yaubale ndi kalata yantchito. Mwana wa Sitandade 6 amene sanalembepo ndime, mubwezereni ku ndime, musachite manyazi.

Pali chizolowezi china chimene chimandidetsa nkhawa. Mayeso a PSLCE a bungwe la MANEB akayandikira, ana ena a Sitandade 8 amapatsidwa zimangirizo zolembalemba kuti aloweze. Mutu ukabwera wosiyana pang'ono, mwana amathira zomwe analowezazo ngakhale sizikugwirizana ndi funso. Ngakhale atakhoza, amakafika Fomu 1 asakudziwa kuyala maganizo ake. Nthawi yolowezayo ikanathera polemba nkhani zatsopano ziwiri pa sabata, mwanayo akanalowa m'chipinda cha mayeso wosaopa mutu uliwonse.

Bwanji osangolimbikira Chingerezi, poti ndi chimene chidzamupezetse ntchito?

Nkhawa yanu ndi yoona. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa amakhala m'Chingerezi, ndipo mwana wosachidziwa amavutika. Koma taganizirani katundu amene mukumusenzetsa mwana wa zaka 6 mukamuyambitsa kulemba m'chiyankhulo chimene sachimva: aphunzire kuumba malembo, aphunzire maliwu, aphunzire matanthauzo, zonse nthawi imodzi. Kuonjezera apo, Chingerezi sichilembedwa monga chimatchulidwira. Lembo limodzi limatha kukhala ndi maliwu angapo.

Mwana amene waphunzira m'chiyankhulo chake kuti chiganizo chimayamba ndi lembo lalikulu, kuti ndime imakamba mfundo imodzi, kuti nkhani imafuna chiyambi ndi mathero, sadzaphunziranso zimenezi kachiwiri. Amangozinyamula kupita nazo ku Chingerezi. Ana amene ndawaona akulemba Chingerezi chomveka mu Sitandade 8 ndi omwewo amene ankalemba Chichewa chokoma mu Sitandade 4.

Tisaiwalenso kuti si mwana aliyense amene Chichewa ndi chiyankhulo cha kwawo. Wa ku Rumphi amabwera ndi Chitumbuka, wa ku Mangochi mwina Chiyawo, wa ku Nsanje Chisena. Mwana wotere akasakaniza mawu a kwawo m'chiganizo, musamuseke pamaso pa anzake. Mufunseni tanthauzo, mumupatse mawu a Chichewa, onse awiri alembedwe pabolodi. Ndipo inu amene mukulera ana ku Johannesburg kapena ku Harare, kakalata kafupi ka Chichewa kopita kwa agogo kamodzi pamwezi kamasunga chiyankhulo kuposa kumangowakalipira kuti aiwala kwawo.

Ine sukulu sindinapite patali. Ndingamuthandize bwanji mwana wanga?

Mungathe, mayi, ndipo gawo lanu palibe mphunzitsi angaligwire. Musimbireni nthano madzulo, mawa lake mumuuze akusimbireni iyeyo. Muponyereni ndagi. Mukamapita kumsika, muuzeni alembe zokagula: mchere, sopo, mafuta, matemba. Pofika kumsikako akuwerengereni. Alembe tsiku limene mwabzala chimanga ndi tsiku lothira feteleza, alembe matumba amene mwakolola. Akabwera kusukulu musangofunsa kuti, "Wakhoza zingati?" Nenani kuti, "Tandiwerengere zimene walemba lero." Ngakhale inu simungaone cholakwika, khutu lanu limva ngati nkhaniyo ikumveka, ndipo iye adziwa kuti zolemba zake zili ndi womvera.

China ndi nthawi. Mwana wamkazi akaweruka amapita kumjigo, kunkhuni, kenako kuphika, pamene mlongo wake ali ndi mpata. Mupatuleni mphindi 20 dzuwa lisanalowe, akhale pakhonde ndi kope lake.

Nanga ngati ndalama ya makope palibe?

Pepala la mkati mwa thumba la simenti limalembeka. Katoni, kumbuyo kwa kalendala yakale, sileti, khala pa thabwa, zonsezi ndi zolembera. Pensulo imodzi idulidwe pakati ikwanire ana awiri. Kope likapezeka, limodzi likhale la nkhani za mwanayo zokhazokha, losalowamo za pabolodi.

Masiku ano kuli mafoni ndi matabuleti. Kulemba pamanja kukufunikabe?

Kukufunika. Kuyambira mu 2023 boma lakhala likufikitsa matabuleti m'sukulu za pulayimale kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, kuti ana a makalasi oyambirira aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu. Ndi chida chabwino, makamaka poti mwana aliyense amayenda pa liwiro lake. Koma kukhudza lembo pagalasi n'kosiyana ndi kuliumba wekha. Dzanja likaumba lembo, mutu umaligwira msanga. Mayeso nawonso akulembedwabe ndi bolopeni.

Za mafoni, ana akuluakulu amatengera kalembedwe kodula mawu ka pa WhatsApp, "zkm" m'malo mwa zikomo, "bwnj" m'malo mwa bwanji. Sindilimbana nazo kwambiri. Ndimangowauza kuti zovala zakudimba sapita nazo ku ukwati: mnzako mulembere motero, koma kalata yopita kwa a hedi ikhale ndi malembo onse.

Mwana wanga ali mu Sitandade 5 koma ngakhale dzina lake limamuvuta. Kodi pali chiyembekezo?

Chilipo, koma musadikire kuti abwerezenso kalasi kachitatu. Yambani ndi thupi. Kodi amaona bwino pabolodi? Ana ambiri otchedwa mbuli amangokhala kuti ali kumbuyo kwa kalasi ndipo maso awo saona patali. Kodi amamva bwino, kapena khutu limatuluka mafinya? Pitani naye kuchipatala akamuone. Kodi amapita kusukulu ndi njala? Kodi anajomba miyezi ingati nthawi ya dzinja kapena ya fodya pamene anzake ankaphunzira maphatikizo? Mwana amene anaphonya miyezi itatu ya Sitandade 1 amatha kuyenda ndi dzenje limenelo mpaka Sitandade 8 ngati palibe wolikwirira.

Zonsezi zikakhala bwino koma vuto lilipobe, kambiranani ndi a hedi. Alipo ana anzeru ndithu amene malembo amawasokonekera m'mutu mwachibadwa, ndipo alipo aphunzitsi amene anaphunzira kuthandiza ana otere, ambiri mwa iwo ku koleji ya Montfort ku Nguludi m'boma la Chiradzulu. A PEA angakuuzeni sukulu yapafupi imene ili ndi mphunzitsi wotere.

Pakadali pano bwererani naye poyambira, koma mwaulemu. Mnyamata wa zaka 12 safuna kuimbitsidwa a, e, i, o, u pamaso pa ang'ono ake. Khalani naye awiri, muyambe ndi malembo a dzina lake, kenako dzina la mayi ake, la mudzi wawo, la timu imene amaikonda. Mtsikana ndinamutchula poyamba uja tinayamba naye chomwecho, mphindi 15 anzake akaweruka, masiku atatu pa sabata. Teremu yoyamba inatha tikulimbana ndi maphatikizo okhaokha. Chakumapeto kwa teremu yachiwiri anandibweretsera kapepala kothothola m'kope, malembo ake okongola aja atayamba kupendama chifukwa cholemba mofulumira. Analembapo kuti mayi ake amagulitsa zitumbuwa pasiteji ndipo amadzuka nkhuku zisanalire. Pa mawu oti nkhuku anaiwala h. Ndinamuuza aike chikhato pakamwa, ananena mawuwo kawiri, n'kutenga pensulo kukonza yekha.